Mayi Mafunso ndi Maselo a Kabatani

Inu amene munauzidwapo kuti mavuto anu munawaputa nokha, khalani pansi ndikuuzeni za mayi wina. Nkhani yake imandipsetsa mtima nthawi zonse ndikamaifotokoza, ndipo pa zimenezo sindipepesa.

Tsiku limene anamuthamangitsa pabanja, zovala zake anaziika m'mapepala akuda a pulasitiki, aja timatayiramo zinyalala aja. Sutikesi anamukaniza, ati inali mphatso yochokera kuchimuna. Amene ankalongedza anali mlamu wake, mchemwali wa mwamuna. Mayiyo anangoima pabalaza atanyamula mwana wamkazi wa zaka zitatu, amene anali asanayambe kuyenda ngakhale kutchula kuti amama.

Mwanayo aliyense ankamutchula Kabatani, chifukwa anabadwa wamng'ono, nkhope yozungulira, kamphuno ngati batani la malaya. Anabadwanso ndi bowo mumtima limene madokotala anasoka akadali khanda. Kuyamwa kunkamuvuta, khosi linachedwa kulimba, ndipo makutu ankangotuluka mafinya.

Apongozi anakhala pa sofa wamkulu, manja ali pamawondo.

"Ife tapirira mokwanira," anatero. "Kwathu kuno sitinabalepo chinthu chotere. Magazi amenewa mwabwera nawo ndinu. Mwana wanga akadali mnyamata, ayenera kubala ana enieni."

Ana enieni. Mawu amenewo anawalankhula Kabatani ali pomwepo, akuyamwa chala.

Mayi uja anayang'ana mwamuna wake. Bamboyo anali ataima pawindo, maso ali pa foni ngati mufonimo muli ngozi yoposa yomwe inali pabalazapo.

"Bambo a Kabatani, mulibe choti munene?"

"Mwamva zomwe anena amayi," anayankha osadzutsa mutu.

Bambo ameneyu ndi yemwe anamunyengerera kuti asiye yunivesite ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a sayansi. "Tikwatirane kaye, sukulu udzamaliza, ine ndilipo," ankatero masiku amenewo. Tsopano anali pawindo. Mkazi wake anatsika masitepe yekha, mwana kumsana, mapepala m'manja, limodzi likung'ambika n'kumataya timasokosi m'njira.

Analowera kwa mkulu wake, amene anali ndi saluni ya amayi pamsewu wopita kumsika. Munali magalasi awiri akuluakulu, makina oumitsira tsitsi amene ankalira ngati akudwala chifuwa, ndi kachipinda kakumbuyo kosungiramo matawulo ndi mabotolo a mankhwala atsitsi. Mkulu wakeyo atamuona pakhomo sanafunse chomwe chachitika. Anangoti, "Lowetsa katunduyo kumbuyoko. Mwanayu wadya?"

Kachipinda kaja kanasanduka nyumba. Mayi wa Kabatani anaphunzira kuluka, kutsuka mitu ya anthu ndi kukulunga tsitsi pa marola. Mwana ankakhala pa bulangete pakona, akusewera ndi zipeso.

Musaganize kuti milomo ya anthu inathera kwa apongozi. Makasitomala nawo anali ndi zawo. Munthu mutu uli m'beseni, sopo ali m'maso, koma pakamwa pakugwira ntchito.

"Muli ndi pakati munadya chiyani, amayi?"

"Kapena mapiritsi akulera aja munawamwa nthawi yaitali."

"Pena zimakhala kuti munthu unalakwira winawake. Mudzifufuze."

Wina woyembekezera anatembenuza mpando kuti asamayang'anizane ndi mwanayo. Mayi wa Kabatani anaona, koma anapitiriza kumuluka munthu yemweyo.

Chopweteka kwambiri n'chakuti anayamba kuwakhulupirira. Ankati akamatsuka matawulo n'kumawerenga m'mutu zonse zomwe anadya ndi kumwa ali ndi pakati, tsiku lomwe anaterereka kubafa, jakisoni yemwe anachedwa kukabaya. Anadzizenga mlandu, n'kudzipeza wolakwa, popanda mboni ngakhale imodzi.

Kuchipatala cha ana ankapita pafupipafupi, n'kukhala pa benchi yaitali ya m'khonde mpaka msana kuuma. Akalowa, mafunso ake sankatha. Chifukwa chiyani mtima, makutu ndi miyendo zonse pamodzi? Zikugwirizana pati? Kodi pali chimodzi chomwe chinayambitsa zonsezi? Anamwino anatopa naye n'kumupatsa dzina. Ankati akamuona akubwera, amagwirana pachigongono. "Afika Mayi Mafunso." Dzinalo linali lachipongwe, koma linamukakamira, ndipo nanenso ndizimutchula choncho.

Dokotala wina wachinyamata, atatopa ndi mzere wa odwala, anamuuza kuti, "Mayi, ana ena amangobadwa choncho. Ingolandirani."

"Ndinalandira kalekale, adokotala, ndi uyu ndamuberekayu," anayankha. "Chomwe ndikufunsa ndi chifukwa chake."

Yankho linabwera ndi dokotala wina wachikulire, mayi wa imvi wovala magalasi a chingwe, katswiri wa matenda obadwa nawo, amene ankabwera pachipatalapo mwa apo ndi apo. Ameneyu sanathamange. Anayang'ana maso a Kabatani, nsidze, makutu, nsonga za zala, kenako anati, "Ndili ndi chomwe ndikuganizira. Koma kuti nditsimikize pafunika magazi a anthu atatu: mwana, inu ndi bambo ake."

Bambo aja foni sankayankha. Ndiye Mayi Mafunso anavala diresi yake yabwino, n'kupita ku ofesi komwe ankagwira ntchito. Sekilitale anati bwana ali pamsonkhano. Iye anati adikira. Anakhala pa mpando wa alendo, Kabatani, amene tsopano ankayenda chogwirira, akuzungulira tebulo n'kumagwetsa magazini. Ogwira ntchito ankadutsa n'kumacheuka. Sipanatenge nthawi, msonkhano uja unatha mwadzidzidzi.

"Mukufuna kundichititsa manyazi?" bamboyo ananong'ona mano ali okukuta.

"Ndikufuna kadontho ka magazi anu. China sindikufunanso."

"Chabwino. Ndipita, kuti achipatala akuuzeni okha zomwe amayi anakuuzani kale."

Magazi anatumizidwa kutali, ndipo zotsatira zinatenga miyezi. Zitafika, dokotala wa imvi uja anatseka chitseko, n'kukoka mpando kukhala pafupi naye.

"Munati munaphunzirako sayansi, ndiye sindikubisirani kanthu," anatero. "Thupi linamangidwa ndi maselo, tizipinda tosaoneka ndi maso. M'selo lililonse muli DNA, ulusi wautali pafupifupi mamita awiri, umene pamalembedwa malangizo onse a thupi. Zigawo za malangizowo ndiye majini. Tsono kuti ulusi wautali chonchi ukwane m'kanthu kosaoneka, umakulungidwa pa timipira ta mapuloteni totchedwa mahisitoni. Ulusi ndi timipira pamodzi timati kiromatini. Pomwe pakulungidwa mothina, selo silitha kuwerenga malangizo. Pomwe pali pomasuka limawerenga."

"Ngati tsitsi pa marola," anatero Mayi Mafunso. "Likathina, chipeso sichilowa."

"Ndi momwemo. Ndiye m'selo muli mapuloteni ena amene ntchito yawo ndi kudinda tizizindikiro pa mahisitoni, touza selo kuti apa pamasuke. Mwa Kabatani, malangizo opangira mmodzi wa odinda amenewa ali ndi cholakwika. Malo ambiri ofunika kumasuka anakhala othina pamene mtima, makutu ndi ubongo zinkaumbika. N'chifukwa chake mavuto ake ali pena ndi pena, koma gwero ndi limodzi."

Mayi Mafunso anagwira m'mphepete mwa mpando. "Cholakwikacho chinachokera kwa ndani?"

"Kwa inu ayi. Kwa bambo ake ayinso. Tayeza nonse awiri, mulibe. Chinachitika chokha pachiyambi penipeni, monga munthu amaphonyera chilembo chimodzi pokopera buku lalikulu. Si chifukwa cha chomwe munadya, munamwa kapena munachita. Palibe chomwe mukanachita kuti chisachitike."

Iye ankayesa kuti tsiku lodzamva mawu otere adzalira ndi chimwemwe. Chomwe chinabwera ndi mkwiyo. Anatuluka n'kukaima m'khonde. Banja lake linatha, sukulu yake inatha, mwana anakanidwa ndi bambo ake, iye mwini anadzida zaka zonsezo, ndipo zonsezi pa mlandu woti kunalibe.

Anaimbira bambo aja pomwepo pogwiritsa ntchito foni ya namwino, kuti ayankhe. Anawafotokozera zonse.

"Ndamva," anatero bamboyo. "Koma zimenezo ndi zakale. Ine ndili pabanja lina tsopano, musamandiimbire nthawi ya ntchito."

Apongozi uthenga unawapeza kudzera kwa mlamu uja, ndipo yankho lawo linali lakuti madokotala amanena zambiri. Ngati mukudikira kuti ndikuuzeni tsiku lomwe anthu amenewa anabwera kudzapepesa, musadzivute. Sanabwere.

Mayi Mafunso atafika ku saluni kuchokera kuchipatala kuja, mkulu wake anali pakati pomanga tsitsi la munthu.

"Akuti bwanji?"

"Akuti vuto lili m'majini."

Chipeso chinagwa pansi. "Majini? Mwana wamng'ono ngati uyu? Nanga tikawatulutsira kuti?"

"Osati majini amenewo, achemwali. Awa aliyense ali nawo. Inunso muli nawo ambirimbiri."

"Iwe, undilankhule bwino pamaso pa makasitomala."

Mayi Mafunso anaseka mpaka kugwira khoma, misozi ili mbwembwembwe, osadziwikanso ngati kunali kuseka kapena kulira.

Ulendo wotsatira kuchipatala, anamupanikiza dokotala uja. "Ngati pathina, sitingamasule?"

"Ena akuyesa pa mbewa. Pa anthu sitikudziwa."

"Bwanji simukudziwa?"

"Chifukwa ofunsa ndi ochepa." Dokotalayo anavula magalasi. "Mayi, mafunso anu andipitirira. Kuno ndingokuuzani zomwe zikudziwika kale. Zomwe mukufunazi amazifufuza ku labotale, ndipo njira yopita kumeneko imadzera ku sukulu yomwe munasiya."

Anapita. Mkulu wa ofesi yolembera ophunzira anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwabwera kudzafunsira mwana wanu malo?" Atamva kuti wofuna malo ndi iyeyo, anaseka pang'ono n'kunena kuti zomwe anaphunzira kale zinatha ntchito, ngati akufuna ayambire chaka choyamba. Ankayesa kuti amuopseza. Iye anafunsa tsiku lotsegulira.

M'kalasi anzake ankamutchula Anti, ndipo ankamusiyira mpando wakutsogolo ngati mlendo. M'mawa ankakhala ku yunivesite, masana ku saluni, buku litatsamira galasi, maso akuyenda pakati pa tsamba ndi mutu wa kasitomala. Kabatani anayamba kupita ku sukulu ya ana ofuna chithandizo chapadera, ndipo anayamba kulankhula, mawu amodziamodzi, kenako ziganizo. Amene ankamuperekeza ndi kukamutenga anali mayi ake aakulu.

M'chaka chachitatu, mayeso ali pafupi, Kabatani anagwidwa chibayo. Anagonekedwa masabata angapo, chubu cha mpweya chili m'mphuno. Mayi ake ankachoka pambali pa bedi kukalemba mayeso n'kubwereranso, mutu uli zii. Phunziro lalikulu, lokhudza mmene mapuloteni amagwirira ntchito m'thupi, analephera. Kulephera limenelo kunali kubwereza chaka chonse.

Anapita kwa mphunzitsi wa phunzirolo ndi umboni wa kuchipatala, kupempha kuti alembenso. Bamboyo sanauyang'ane n'komwe.

"Amayi, ndikuuzeni ngati m'bale wanu. Sayansi imafuna munthu yense. Inu muli ndi mwana wofuna chisamaliro. Sankhani chimodzi."

Pa tebulo la bambo ameneyu panali chithunzi cha ana ake omwe, atavala yunifolomu ya sukulu. Iye palibe anamuuzapo kuti asankhe chimodzi.

Masana amenewo Mayi Mafunso anafika ku saluni, n'kuponya chikwama pakona.

"Ndasiya, achemwali. Ndatopa. Ndizingoluka basi."

Mkulu wake sanasiye zomwe ankachita. "Kuluka kuti?"

"Konkuno."

"Kuno ayi. Makasitomala akudandaula kuti umawaluka mtima uli kwina, mizere imakhota ngati msewu wa m'phiri. Ndakhala ndikukubisira. Iwe si woluka, mng'ono wanga, ndimangokusunga chifukwa tinayamwa bere limodzi." Kenako anatsitsa mawu. "Mwana watuluka m'chipatala, ali moyo. Chaka ndi chaka basi. Pita ukabwereze, anthu amenewa asakuthamangitse kawiri."

Anabwereza. Anakhala m'kalasi la mphunzitsi yemwe uja chaka chonse, mpando wakutsogolo, akumufunsa mafunso mpaka bamboyo kumayang'ana wotchi. Anakhoza bwino, ndipo chaka chotsatira anatenga digiri yake.

Pa yunivesitepo panali pulofesa wina wofufuza za kiromatini m'maselo a khansa, bambo wowonda wosakonda moni, amene ophunzira ankamuopa. Mayi Mafunso anagogoda pachitseko chake n'kufotokoza zomwe ankafuna: kutenga kachikopa kakang'ono kwa ana a matenda ngati a Kabatani, kumeretsa maselo awo m'mbale, kuyeza tizizindikiro ta pa mahisitoni, ndi kuona ngati pali mankhwala omwe angamasule pomwe pathina.

"Mukudziwa kuti mwina simudzapeza kanthu?" anafunsa pulofesayo.

"Ndikudziwa."

"Ndiponso kuti mukapeza, mwina sichidzathandiza mwana wanu?"

"Zimenezonso ndikudziwa."

"Bwerani Lolemba. Tsitsi mumange, zibangili musiye kunyumba."

Labotale inali chipinda chachitali chozizira, mafiriji akulira m'mbali mwa khoma. Munali kabati yofunda ngati thupi la munthu, momwe ankasungamo timbale ta pulasitiki tokhala ndi madzi ofiirira. M'madzimo ndi momwe maselo ankakulira. Ankafuna kudyetsedwa, kusinthiridwa madzi ndi kugawidwa akachulukana, ngakhale Loweruka kapena pa tchuthi.

Dokotala wa imvi uja anali atapeza ana ena angapo a vuto lomwelo, ndipo makolo awo atafotokozeredwa anavomera. Kabatani, amene tsopano anali mtsikana wamkuluko, mayi ake anamufunsa yekha.

"Zipweteka?"

"Pang'ono, ngati kulumidwa ndi nyerere yaikulu. Ukakana palibe akukakamize."

Kabatani anaganiza. "Mundigulira ayisikilimu?"

Anagwirizana. Dokotala anadula kachikopa pamkono, ndipo maselo anayamba kumera.

Koma zipangizo zoyezera mahisitoni ndi zodula, ndipo ankazigawa ndi komiti ya akuluakulu a yunivesite. Mayi Mafunso anaima pamaso pawo m'chipinda cha tebulo lalitali, n'kufotokoza ntchito yake. Wapampando anamvetsera akusewera ndi cholembera.

"Ana amenewa alipo angati? Anthu akufa ndi matenda odziwika, inu mukufuna tiwononge zipangizo pa matenda oti dzina lake sititha n'kulitchula komwe. Chinanso, ndinu mayi wa wodwala. Mtima wanu ungakuonetseni zomwe palibe."

Wina wa kumapeto kwa tebulo anawonjezera, akuyasamula, "Ndipo ana oterewa amakhalitsa?"

Munthu wophunzira, watayi pakhosi, kumufunsa mayi ngati mwana wake ali woyenera kumuwonongera nthawi. Koma mawu a Mayi Mafunso anatuluka ozizira.

"Bwana, simukudziwa kuti alipo angati chifukwa palibe anawawerengapo. Ali m'zipinda zakumbuyo, amayi awo akuwabisa chifukwa cha mafunso ngati lomwe mwafunsali. Mahisitoni amenewa ali m'thupi mwanu inunso, ndipo odinda omwe asokonekera mwa ana awa ndi omwenso amasokonekera m'khansa zina. Za kuti ndine mayi, mukunena zoona. Ndiye mbale zonse azilembe manambala munthu wina, ine ndisadziwe ya mwana wanga ndi iti mpaka ntchito itatha."

Anamukanabe. Chifukwa chomwe anapereka n'chakuti kafukufukuyo sanali wofunika msanga.

M'khonde pulofesa uja anati, "Mwayankha bwino, ndipo mwaluza. Zimachitika. M'firiji yanga muli shelefu yopanda kanthu, ndipo mankhwala otsala pa ntchito ya khansa muzigwiritsa ntchito. Manambala ndilemba ine."

Anayamba ndi zotsalira za ena. Ndiyeno m'mawa wina atatsegula kabati anapeza madzi a m'mbale achita mbuu. Chuku chinali chitalowa, n'kufalikira mbale ndi mbale. Maselo onse anafa, ntchito ya miyezi yambiri, ndipo chifukwa cha changu anali asanasungeko ena mufiriji. Apa panalibe apongozi kapena komiti yoti aikwiyire. Anataya mbalezo yekha, n'kutsuka kabati yonse mpaka manja kusuwa.

Chovuta chinali kubwerera kwa makolo aja, mmodzimmodzi, kukawauza kuti ana awo adulidwenso. Banja lina linakana, ndipo iye sanawanene. Womaliza kumuuza anali Kabatani.

Mtsikanayo anayang'ana kachipsera ka pamkono, n'kuyang'ana mayi ake. "Mwataya? Amama, muzisamala zinthu."

Mawu ake omwe, omwe ankamuuza mwanayo akataya sokosi. Kenako Kabatani anapinda malaya a mkono winawo. "Koma ulendo uno ayisikilimu muwiri."

Ulendo wachiwiri anasamala ngati akulera khanda. Maselo ena anawasunga mufiriji, ena n'kuyamba kuyeza pamodzi ndi maselo a anthu opanda vutoli. Zinatenga zaka. Kuyeza kwina kunkatuluka mbwerekete, kwina makina ankawonongeka ntchito ili pakati. Pang'ono ndi pang'ono chithunzi chinayamba kuoneka. M'mbale zina tizizindikiro tomasula tinali tochepa poyerekeza ndi zina. Ndipo atathiramo mankhwala oletsa selo kufufuta tizizindikiro totero, malangizo ena amene anali chete anayamba kuwerengedwa.

Anathamangira kwa pulofesa. Bamboyo anayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bwerezani."

Anabwereza. Zinatuluka chimodzimodzi.

"Bwerezaninso, ndi mankhwala a m'botolo lina."

Anatuluka akulankhula yekha, koma anabwereza. Zitafanananso, pulofesayo anamasulira manambala aja. Mbale zonse za tizizindikiro tochepa zinali za ana odwala, ndipo ndi zomwezo zimene mankhwala anazisintha.

"Izi zachitika m'mbale, osati mwa mwana," anachenjeza pulofesa.

"Ndikudziwa."

"Ndikudziwa kuti mukudziwa. Khalani pansi." Ndipo munthu wosapereka moni uja anapita yekha kukamupangira tiyi.

Zotsatirazo zinasindikizidwa m'magazini ya akatswiri, dzina lake lili loyamba. Ofufuza a mayiko ena anayamba kumufunsa njira yomwe anatsata. Tsiku lomwe anapatsidwa digiri ya udokotala wa sayansi, wapampando wa komiti ija anamugwira chanza pamaso pa makamera n'kunena kuti yunivesite inkamukhulupirira kuyambira pachiyambi. Iye anangomuyang'ana m'maso mpaka bamboyo anasiya dzanja.

Lero ali ndi kachipinda kakekake kofufuzira, ndi ophunzira ake. Mogwirizana ndi chipatala cha ana, mabanja amayezedwa pomwepo, osadikiranso miyezi kuti magazi apite kutali. Ndisakunamizeni: Kabatani sanachire. Mankhwala aja sanafike poti n'kumupatsa munthu, ndipo mwina adzathandiza ana ena amene sanabadwe. Kabatani amawerenga pang'onopang'ono, amavala kachipangizo kothandiza kumva, amakonda kuimba mokweza, ndipo ku saluni kwa mayi ake aakulu ndi iye amalandira alendo.

Tsiku lina la tchuthi, masana, mayi ake anamutengera ku labotale koyamba. Anamuveka chijasi choyera chofika m'mapazi, manja ake opinda katatu. Anazimitsa magetsi a kachipinda ka maikulosikopu, n'kuika kagalasi pansi pa diso la makinawo. Maselo anali atawapaka utoto wowala. Pa sikirini panaoneka timiyezi ta buluu tambirimbiri, ndipo mkati mwake timadontho tobiriwira, pomwe panali tizizindikiro ta pa mahisitoni.

Kabatani anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini.

"Ndi ndani ameneyu?"

"Ndi iweyo. Achokera pamkono pakopa."

"Onsewa?"

"Onsewa. Ndipo ena ali mufiriji."

Mtsikanayo anayang'anitsitsa sikirini, kuwala kwa buluu kuli pankhope. Kenako anatembenuka.

"Amama, ndiye kuti m'katimu ndimawala?"

Mayi Mafunso, amene moyo wake wonse anali ndi chonena, anangogwedeza mutu. Kabatani anatulutsa foni m'thumba la chijasi chija n'kujambula sikirini, ati akawaonetse mayi aakulu ndi makasitomala onse.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso mwasenzetsedwa mlandu womwe simunapalamule. Mwina mwalephera mayeso, mwina akuuzani kuti mwakula, kuti musankhe chimodzi, kuti chomwe chikukuwawani si chofunika msanga. Kwiyani, chifukwa zinthu zoterozo n'zokwiyitsadi, ndipo aliyense wokuuzani kuti muzingomwetulira akukunamizani. Koma mkwiyowo musauthere pa anthu amene sadzapepesa. Pitani nawo m'kalasi, pitani nawo kuntchito, mubwereze chomwe chalephereka ngakhale manyazi akugwireni. Mukagwa mtima, pezani m'bale woti akudzutseni, ndipo mawa lake mubwerere. Musataye mtima, ndipo musalole munthu aliyense kutseka funso lanu musanayankhidwe.